Nyumba yakale ikuzizira, ikutentha, makoma akunyowa: tiyambire pati?

Mayi wina wandilembera kuti: "Tinagula nyumba yakale ya njerwa zootcha, ili ndi zaka zoposa 60, denga ndi lamalata. Nthawi yozizira mkati mumazizira kwabasi, nthawi yotentha usiku sitigona. Penti ikusupuka mmunsi mwa makoma, ndipo pakona ya kuchipinda pada bii ndi chuku. Abilidala akuti tigumule pulasitala yense tipake wina wa simenti yambiri wothira mankhwala oletsa madzi, kenako timate mabolodi a polystyrene mkati ndikutseka timabowo tonse tolowera mpweya. Ndalama ndi zochepa. Tiyambire pati?"

Mayi, choyamba muwauze abilidalawo adikire kaye, asagule olo thumba limodzi la simenti. Sindikunena kuti ntchito sakuidziwa ayi, zina mwa zomwe akuuzanizo zimayenda bwino pa nyumba yatsopano, koma yanuyo inamangidwa ndi nzeru ina. Nyumba zambiri zakale zili ndi khoma limodzi lopanda mpata pakati, njerwa zake ndi zofewa, ndipo matope omangira nthawi zambiri ankakhala a laimu, kapena dothi, kapena simenti yochepa zedi. Khoma lotero limamwa madzi pang'ono mvula ikamagwa kenako limauma lokha ndi mphepo ndi dzuwa, ndipo lakhala likuchita zimenezi chaka ndi chaka kwa zaka 60 zonsezo osagwa. Ndiye mukalipaka pulasitala wolimba wa simenti, pamwamba penti ya oyilo, mkati polystyrene uja, yemwe ndi pulasitiki yoyera yopepuka, madzi olowa alowabe chifukwa simunatseke komwe akuchokera, koma potulukira ndiye mwatsekapo. Amangokhala mmenemo.

Ndinaitanidwapo pa nyumba ina yomwe anaichita zomwezi. Kunja imaoneka bwino, penti yonyezimira, koma nditagogoda khoma ndi chigwiriro cha hamala pamamveka mphako. Titagumula kachidutswa ka pulasitala, kanachoka limodzi ndi nkhope ya njerwa, njerwayo ili yakuda ndi madzi, kuikanda ndi chala imangoyoyoka ngati dothi la mmunda. Eni ake anali atawononga ndalama zambiri kuti achotse chinyezi, koma chinyezi chija chinangokwera mmwamba kukatulukira pomwe pulasitala watsopano anathera. Zinandimvetsa chisoni chifukwa vuto lenileni linali laling'ono, paipi yotsitsa madzi a padenga inathyoka ndipo imathira madzi onse pakona pa nyumba.

Ndiye yambirani pa madzi, insulation, kutanthauza zoyala kapena zomata zotchinga kutentha ndi kuzizira, ibwere pambuyo. Chifukwa chake nchoti insulation iliyonse imagwira ntchito posunga mpweya wosayenda mkati mwake, ndipo madzi amadutsitsa kutentha kuwirikiza ka 20 ndi kuposa poyerekeza ndi mpweya. Insulation yonyowa ili ngati bulangete lonyowa, mukhoza kufunda koma muzizidwabe. Khoma lonyowa nalonso limazizira kuposa louma, moti gawo lina la kuzizira komwe mukukudandaulako likuchokera ku chinyezi chomwecho.

Chinyezi mnyumba chimabwera mnjira zitatu ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake, nchifukwa chake kungothira "mankhwala oletsa madzi" osadziwa kuti mukulimbana ndi chiti ndi kutaya ndalama. Pali chochokera pansi, chomwe njerwa zimayamwa kuchokera mdothi, chimenechi nthawi zambiri sichipitirira mita imodzi kukwera kwake, chimasiya mzere wokhotakhota pakhoma ndi timchere toyera ngati ufa, penti nkumatupa ndikusupuka. Pali cholowa ndi mvula kudzera padenga, mming'alu, mmbali mwa mawindo, chimenechi chimaoneka ngati zigamba paliponse ndipo chimakula mvula ikagwa. Ndiye pali chachitatu chomwe anthu ambiri sachiganizira, chopangidwa ndi inu nomwe mkatimo. Kupuma, kuphika, kusamba, kuyanika zovala mnyumba, banja limodzi likhoza kutulutsa nthunzi yofika malita 10 patsiku, ndipo nthunziyo ikagunda khoma lozizira imasanduka madzi ngati mmene botolo lochokera mfiriji limachitira thukuta. Chuku chakuda chapakona ya kuchipinda kwanuko ndikuganiza kwambiri kuti ndi chamtundu wachitatuwu, pakona ndi pomwe pamazizira kwambiri komanso mpweya suyendapo, makamaka ngati pali wadirobu yogundizidwa kukhoma. Pomwe penti yosupuka mmunsiyo ikuloza kudothi kapena ku madzi amvula omwe akudontha nkumathovukira pakhoma.

Mukhoza kuyesa nokha osalipira munthu. Dulani kapepala ka pulasitiki kokula ngati tsamba la buku, mumate pakhoma lonyowalo ndi selotepi mbali zonse zinayi mpweya usalowe, musiye masiku awiri. Madzi akakhala pamwamba pa pulasitikiyo, mbali yoyang'ana mchipinda, ndiye kuti ndi nthunzi yamnyumba. Akakhala kunsi kwake, mbali yakukhoma, madziwo akuchokera mkhoma momwemo. Chitani chimodzimodzi pa simenti yapansi musanaganize zoika matailosi, chifukwa matailosi oikidwa pansi ponyowa amangokankhira chinyezi chija kumakoma.

Kenako mvula ikamagwa yamphamvu tengani ambulera mutuluke muzungulire nyumba yonse, apa ndiye mudzaona zambiri kuposa zomwe mmisiri aliyense angakuuzeni tsiku ladzuwa. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi ndi lita imodzi yamadzi. Ndiye ngati denga lanu ndi la masikweya mita 100 ndipo kwagwa mvula ya mamilimita 20, amenewo ndi malita 2,000 otsika padenga ulendo umodzi, funso nkumati akupita kuti? Ngati akungogwera mmbali mwa maziko nkumadikha pomwepo, khoma lanu likumwa amenewo. Onani magata ngati alipo, kaya adzaza masamba, kaya aboola ndi dzimbiri, kaya paipi yotsitsa ikuthera pakhoma penipeni. Onaninso dothi lozungulira nyumba. Pa nyumba yakale dothi limakhala lakwera pang'onopang'ono, wina anathira mchenga, wina anapanga bedi la maluwa logundiza kukhoma, wina anaika konkire pamwamba pa konkire inzake. Pakati pa njerwa za mmunsi nthawi zambiri pamakhala kamzere kakuda ka phula kapena pulasitiki komwe amisiri amati DPC, ntchito yake ndi kuletsa madzi kukwera, ndipo kamayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi lakunja. Kakakwiririka ndiye kuti madzi akungokalambalala. Kufukula dothi limenelo ndikukonza kuti pansi pazitsetsereka kuchoka kunyumba, ndi kangalande kotengera madzi kutali, ndi ntchito ya khasu ndi wilibala basi koma imachiza nyumba zambiri.

Mukatseka komwe madzi amachokera, pamafunika kudekha, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalephera chifukwa amafuna nyumba ioneke bwino msanga. Amisiri amawerengera kuti khoma la njerwa limauma pafupifupi masentimita awiri ndi theka pamwezi, ndiye khoma la masentimita 23 likhoza kutenga miyezi 9 kuti liume bwinobwino. Gumulani pulasitala wovunda yekhayo, mpaka pamwamba pang'ono pa mzere wa chinyezi, musiye njerwa zili pamtunda zipume. Pulasitala yemwe ali bwino, wolimba, wosamveka mphako mukagogoda, musamukhudze, palibe chifukwa chogumula nyumba yonse.

Pobwezeretsa pulasitala lamulo lake nlakuti matope akhale ofewa kuposa njerwa. Laimu womangira gawo limodzi ku mchenga magawo atatu ndi muyezo wakalekale womwe umagwira. Ngati abilidala anu sanazolowere laimu yekha, pali muyezo wina wa simenti 1, laimu 2, mchenga 9, umenewu ndi bola kusiyana ndi simenti yokhayokha. Koma samalani pogula, laimu wothira mmunda uja ndi mwala wongopera, sagwira khoma, mufunse wa zomangamanga. Laimu amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, safuna kuuma mwachangu, ndiye amafunika kumamuwaza madzi ndikumutchinga ku dzuwa masiku oyambirira. Amawotcha khungu ndipo mmaso ndi woopsa, magolovesi ndi magalasi asasowe. Pamwamba pake pakani laimu wopaka kapena penti yamadzi yolola khoma kupuma, ya oyilo ija ayi.

Musanafike ku insulation pali zinthu zina zoti muone, ndidutsamo mwachangu koma musazipeputse. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi ndi ya pulasitala chabe. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakasuka kumwamba kuposa kumunsi, kapena wopitirira mamilimita 5, lembani ndi pensulo pomwe wathera ndi deti lake, muziona ngati ukukula, ndipo muitane injiniya wa zomangamanga. Khoma lililonse lamkati musaligwetse musanadziwe ngati likunyamula denga. Kwerani musiling'i ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye matabwa makamaka kumapeto komwe akhala pakhoma, ikalowa mosavuta ndiye kuti avunda kapena chiswe chadya mkati chasiya khungu lokha. Thabwa limayamba kuvunda chinyezi chake chikamapitirira 20 peresenti kwa nthawi yaitali, ndiye pomwe mwapeza lovunda fufuzaninso podontha pamwamba pake. Mawaya a magetsi a zaka 60 aonedwe ndi munthu wa magetsi wovomerezeka pano pomwe makoma ali osapaka, chifukwa akale ena anali okutidwa ndi labala yomwe imauma nkumathetheka, ndipo kudzaswanso khoma mutapenta kale zimapweteka mtima.

Pali ziwiri zomwe ndikupemphani ndi mtima wonse. Nyumba za nthawi imeneyo zambiri zili ndi asbestos, ulusi wochokera ku miyala womwe ankasakaniza mu zomangira, mmabolodi a siling'i, mmalata otuwa ooneka ngati simenti, mmapaipi, nthawi zina mmatailosi apansi. Ikakhala yosasweka sivuta kwenikweni, koma mukaicheka, kuiboola kapena kuipala, fumbi lake limakhazikika mmapapo ndipo limayambitsa khansa ndi matenda ena omwe amadzaonekera patatha zaka 20 kapena 40. Ngati mukukayikira chinthu, musachicheke, chiyezedwe kaye. Chachiwiri ndi penti yakale ya pazitseko ndi mawindo yomwe nthawi zambiri inkakhala ndi mtovu, ku United States anailetsa mnyumba zogonamo mu 1978 ndipo maiko ena ambiri anachedwa kuposa pamenepo. Fumbi lake limawononga ubongo wa ana aang'ono. Osaipala youma ndi sandipepa, osaiwotcha ndi moto, inyowetseni popala, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asakhale mnyumbamo ntchitoyi ikamachitika.

Tsopano ku funso lanu lenileni la kutentha ndi kuzizira. Ngati ndalama zikukwanira malo amodzi okha, ikani kudenga, osati kumakoma. Lata ndi lopyapyala, dzuwa likaomba limatentha mpaka madigiri 60 ndi kuposa nkumalavulira kutentha konseko pa siling'i, usiku wozizira lata lomwelo limataya kutentha mwachangu mpaka kumachita mame kunsi kwake, ndipo mpweya wofunda wamnyumba umakwera mmwamba nkumathawira komweko. Ndiye denga lomwelo ndi lomwe likukuvutitsani nyengo zonse ziwiri. Yambani mwatseka podontha ponse, misomali yomasuka, malata adzimbiri, pamsonga pa denga. Mukatero yalani insulation pamwamba pa siling'i, ya fibreglass kapena mineral wool, ija yooneka ngati thonje yobwera yokulungidwa. Kuti muone mphamvu yake, masentimita 10 a imeneyi amatchinga kutentha ngati khoma la njerwa lokhuthala kuposa mita imodzi ndi theka. Kumalo ozizira kwambiri amayala mpaka masentimita 27 kapena 30, koma olo 10 okha kusintha mudzakumva usiku woyamba.

Kayalidwe kake nkofunika kuposa mtundu wake. Isasiye mipata, chifukwa kampata kakang'ono kamazizira pokhapokha ndipo chuku chimamera pomwepo pa siling'i. Isapanikizidwe, mukaiponda kapena kuikapo makatoni mwafinya mpweya womwe umagwira ntchito uja. Mawaya a magetsi adutse pamwamba pake osati kukwiririka, ndipo magetsi olowa musiling'i asiyiridwe mpata asatenthe. Kachitseko kolowera musiling'i nakonso kamatidwe. Woyalayo avale zamanja aatali, magolovesi ndi chotchinga pamphuno, zimayabwa koopsa, ndipo aziponda pamatabwa osati pa bolodi. Chinanso, pakati pa insulation ndi malata pazikhala mpata wa masentimita osachepera 5 ndipo mpweya uzilowa mmbali mwa denga nkumatulukira kumwamba, mabowo amenewo muike sefa wa waya kuti mileme, mbalame ndi makoswe zisalowe koma osawatseka. Ngati mudzasintha malata, pamenepo ndi pomwe mungaike pepala lonyezimira lija la aluminiyamu kunsi kwake, limabweza kutentha kwa dzuwa bwino zedi koma pokhapokha mbali yonyezimirayo ikayang'anizana ndi mpata wa mpweya wa masentimita awiri kapena kuposa, likagundana ndi chinthu mbali zonse basi latha ntchito. Kupaka malata penti yoyera kapena yowala kumathandizanso kwambiri nthawi yotentha. Thovu lopopera lija lomwe ena amamata kunsi kwa denga ngati insulation, pa nyumba yakale ine sindilivomereza, limakuta matabwa moti denga likamadontha simudziwa mpaka atavunda.

Mawindo ndi zitseko musathamangire kusintha. Nthawi zambiri mphepo yozizira imalowa mmipata, kunsi kwa chitseko, mmbali mwa felemu, pomwe pate wa galasi anagwa. Timalabala tomata mmipata, pate watsopano ndi makatani okhuthala ofika pansi zimachita zambiri pa ndalama yochepa. Pa kutentha, dzuwa litchingidwe lisanagunde galasi, khonde lotambalala, kadenga pamwamba pa windo, mtengo wamthunzi mbali yomwe dzuwa limaomba masana ndi madzulo koma wobzalidwa patali ndi maziko. Katani yamkati imatchinga kuwala koma kutentha kumakhala kwalowa kale. Khoma lanu lokhuthalalo ndi bwenzi lanu nthawi yotentha, limamwa kutentha masana nkumakutulutsa usiku, ndiye masana tsekani mawindo a mbali yadzuwa, kunja kukazizira mutsegule mbali ziwiri zoyang'anizana mphepo idutse ikokolole kutenthako.

Za mabolodi a polystyrene mkati mwa makoma, ine ndikuti ayi, makamaka pakhoma lomwe panopa ndi lonyowa. Mukamata insulation mkati, khoma la kuseri kwake silimvanso kufunda kwa mnyumba, limazizira kwambiri ndipo limauma movutikira, nthunzi ikapeza kampata kolowera kuseriko imasanduka madzi pamalo pomwe simungaone, chuku nkumakula mobisala, matabwa olowa mkhomamo nkumavunda kumapeto. Komanso polystyrene imayaka ndipo utsi wake ndi wakupha, siyenera kukhala pamtunda mchipinda chogona anthu, imafunika kukutidwa ndi bolodi la gypsum. Ngati patatha chaka, denga mwakonza, makoma auma, mukuonabe kuti chipinda china chikuzizira mopitirira, pamenepo nkumaganiza za makoma, ndipo bola kuika kunja ngati denga latulukira mokwanira kuti liitchinge ku mvula, kapena mkati koma ndi zinthu zolola chinyezi kudutsa monga mabolodi a ulusi wa matabwa opakidwa laimu. Imeneyo ndi ntchito yofuna munthu woti anaigwirapo.

Timabowo ta mpweya tija chonde musatseke. Anthu amationa ngati ndi tomwe tikulowetsa kuzizira, koma ndi tomwe takhala tikutulutsa nthunzi ija ya malita 10 zaka zonsezi, mukatitseka chuku chapakonacho chidzafalikira khoma lonse. Ndipo pali choopsa kuposa chuku. Ngati mnyumbamo mumayatsa chilichonse cha moto, gasi, makala, nkhuni, parafini, chimatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu kupweteka ndi tulo basi osadzukanso. Nyumba yakale yamipatamipata imakupulumutsani osadziwa, ndiye mukamatseka mipata ya mmawindo ndi zitseko, mabowo opangidwira mpweya akhale otsegula, makala oyaka asagone mchipinda, ndipo ngati mungapeze ka alamu ka carbon monoxide kaikeni pafupi ndi zipinda zogona. Ngati pansi panu ndi pamatabwa pokhala ndi mpata kunsi, mabowo a mmunsi mwa khoma ndi omwe amaumitsa matabwawo, muwachotse zinyalala.

Chuku chapakonacho chitsukeni ndi madzi a sopo mutavala magolovesi ndi chotchinga pamphuno, windo lili lotsegula, ndipo mukagwiritsa ntchito bleach musaisakanize ndi mankhwala ena aliwonse otsukira. Ngati mnyumbamo muli mwana kapena wina wa mphumu, asagone mchipinda chimenecho mpaka pauma. Wadirobu ndi bedi muzisunthe masentimita 5 kapena 10 kuchoka kukhoma lakunja, pophika muzivindikira mapoto ndikutsegula windo, mukasamba chitseko cha bafa chitsekedwe windo lake litsegulidwe, zovala ziyanikidwe panja. Pali kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi cha mumpweya kotchedwa hygrometer, kaikeni kuchipindako, kakamawerenga pakati pa 40 ndi 60 peresenti zili bwino, kakamakhala pa 70 kupita mmwamba masiku ambiri chuku chibweranso olo mutsuke bwanji.

Sabata ino matani kapulasitiki kaja pamalo atatu, pakona yakudayo, mmunsi mwa khoma pomwe penti ikusupuka, ndi pansi pakati pa chipinda. Mukwerenso musiling'i masana muzimitse tochi kwa kanthawi, paliponse pomwe mukuona kadontho ka kuwala pamalata ndi pomwe mvula ikulowera, muikepo chizindikiro ndi choko. Mukatero mundilembereso mundiuze mbali yomwe madzi anakhala pa mapulasitiki atatuwo komanso ngati DPC mwaipeza kapena yakwiririka, kuti ndikuuzeni zoti mukakambirane ndi abilidala anu asanayambe kugumula.